Nkhunzi ya a Kapalamula ndi Kagalasi Kozizira

Mwambi umenewu, ana inu, udayamba motere. Kumapiri uko, komwe mwezi wa Juni madzi amaluma mano, kudali kaofesi ka ziweto. Mmenemo munkagwira ntchito bambo Likongwe, munthu wa mapepala ambiri asukulu, pamodzi ndi mayi Nachisale, amene adakalambira pantchitoyo. Ankayeza mbewu ya nkhunzi: kadontho pa kagalasi, kagalasi pansi pa makina okuza zinthu. Timbewu tikamathamanga, nkhunzi ili bwino. Tikangoti zii, ikathenedwe.

A Likongwe sankafuna kuuzidwa. Sabata ina Lolemba adati, "Mayi, kazitemerani nkhuku kumidziko. Maso anga awiriwa ndi okwana."

Lachinayi kudabwera a Kapalamula ndi nkhunzi yawo imodzi yokhayo, dzina lake Chiphaliwali. A Likongwe adatenga mbewu, n'kudonthezera pa kagalasi kamene kadagona pawindo, n'kuyamba apita kukamwa tiyi. Pobwera adasuzumira. Zii.

"Pepani bambo, nkhunzi yanuyi ndi gojo."

"Gojo? Nanga ana a ng'ombe asanu ndi awiri ali m'khola mwangamo nga yani?"

"Zimenezo mukafunse nkhunzi ya aneba. Makina sanama."

Zingwe zidabwera, Chiphaliwali adagwetsedwa pansi. A Likongwe akupinda malaya, mayi Nachisale adatulukira pa njinga. Adalowa, n'kugwira kagalasi kaja.

"Kuzizira ngati mimba ya chule. A Likongwe, inuyo atakugonekani pa simenti m'mawa wa Juni opanda bulangete, mungathamange?"

Adafunditsa kagalasi kena m'manja mpaka kadamva thupi, adatenga mbewu yatsopano, n'kuyang'ana pompo tiyi asanamwe. Kenako adawakokera a Likongwe pa makina. Timbewu tinkapikisana ngati mbululu m'chithaphwi.

A Likongwe adapukuta maso, n'kusuzumiranso. "Ichi n'chiyani, mayi?"

"Funso limeneli mukadalifunsa Lolemba."

Chiphaliwali adamasulidwa, adapita kwawo wathunthu, a Kapalamula akupepesa nkhunzi ya aneba mumtima. Koma nkhunzi zitatu zimene a Likongwe adayeza okha kuyambira Lolemba, zimenezo zidathenedwa n'kukalambira pa ngolo, ndipo akuti zikadutsa pa kaofesi kaja zinkaima n'kuyang'ana pawindo.

N'chifukwa chake akuluakulu amati: ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.