Mpira wa Mainchi Sikisite

Usiku watha ndinalota ndapita ku Amereka kukaonera mpira, ndipo ndinapitako pa makina osokera omwe mukuwaonawa. Musaseke, a Chidothi, khalani pabenchipo mumve, thalauza lanu ndilimaliza masana.

Mukudziwa nonse kuti mwana wanga Sungeni ali kumeneko, ku koleji yomwe inamutenga chifukwa cha mpira. Mukudziwanso, ngakhale mumandisungira ulemu osanena, kuti ine sindinamuonepo akusewera. Ali kupulayimale ankasewera pabwalo la kuseri kwa tchalitchi, pafupi poti wenzulo ndinkaimva ndili pakhonde pompano, kuonera kwake kwaulere, koma sindinadzukepo pampando. Ndinkati mpira ndi wa anyamata. Ine yemweyo, munthu woti mpira wa amuna ndauonera zaka makumi awiri ndili m'mwamba mwa bulugama kuseri kwa sitediyamu, osalipirapo ngakhale tambala. Dzulo Sungeni watumiza uthenga pafoni ya amake kuti Loweruka ali ndi masewero akulu, aonetsa pa intaneti koma ndi olipira. Ine ndinangoti, "Ndilipire kuti ndione mwana wanga yemwe?" n'kukagona.

Ndiye m'malotomo ndili pakhonde pano ndikupinda siketi ya yunifolomu, makina n'kundilankhula. Akuti, "A Sankhulani, zaka zonsezi mukutiponda koma sitinafikepo kulikonse. Lero pondani ngati mwadya." Ndiye ndinaponda. Mwadzidzidzi khonde latsala m'mbuyo, tadutsa msika, wapolisi wa pamsewu akutiimitsa koma wayamba kale kumera nthenga, wasanduka nkhanga, n'kuthawira m'chimanga ndi chipewa chake chomwe. Nyanja yamchere ija tinaiwoloka tikuisoka pakati, ulusi woyera ukutsalira m'mbuyo, makina akudandaula njira yonse kuti achita dzimbiri.

Ndiye tafika. Anthu inu, aja ankatiuza kuti ku Amereka sadziwa mpira, amangodziwa wawo uja wooneka ngati papaya wothamanga nawo m'manja, anatinamiza. Msewu wonse unali anthu okhaokha. Mabanja athunthu, bambo, mayi, ana atadzipaka penti kumaso, nkhalamba zoyendera ndodo zitanyamula malipenga, onse akulowera kubwalo limodzi. Aliyense akafika pageti ankagunditsa kakhadi pa kabokosi, kabokosiko n'kunena kuti zikomo, mubwerenso. Panalibe wokankhana, panalibe wokwera mpanda. Ine ndinachita manyazi m'malo mwawo, anthu akuluakulu kumalipira osanyinyirika chonchija.

Ndinachita zomwe ndimadziwa. Ndinazungulira kuseri kukafuna mtengo, ndipo ndinaupeza, bulugama weniweni, wautali bwino, nthambi yake italoza pakati pa bwalo. Ndangoti ndiukumbatire, mtengo uja wati, "Pepani bambo, nthambi zonse zinagulidwa chaka chatha. Yatsala yam'munsiyi, koma pamenepo muziona denga la chimbudzi basi." Kuyang'ana m'mwamba, azungu a mataye ali ndandanda panthambi, aliyense pa nambala yake.

Ndiye ndinabwerera kugeti n'kukhala pansi. Paja kwathu kuno mpira ukatsala pang'ono kutha amatsegula, ife a m'mitengo n'kulowa ngati eni ake. Geti lija linandiyang'ana kwa kanthawi, kenako linafunsa.

"Mukudikira ndani, achimwene?"

"Ndikudikira kuti mutseguke."

"Ine chibadwire sindinatsegukepo ulere. Abambo anga anali geti, agogo anga anali geti, tonse timadya kaye."

"Koma mwana wanga akusewera m'katimo."

"Onse mukuwaonawa akulipirira ana a eni. Inu wanu weniweni ndiye mukufuna waulere?"

Mawu amenewo anandilowa, sindinama. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, n'kupita pawindo la matikiti.

Pawindopo panali bambo wa suti yotuwa, waulemu wake, koma ndikumufotokozera vuto langa ndinaona diso lake limodzi lili pa ine, linalo likuzungulira kuthumba langa. Suti ija inayamba kubiriwira, mwadzidzidzi ndikulankhula ndi bilimankhwe wovala tayi. Anandiuza malipiro pang'onopang'ono monga amayendera. Kuonera ndi maso onse awiri kunali ndi mtengo wake, diso limodzi theka, kumva phokoso lokha uli panja kotsikirapo. Panalinso tikiti yoonera mpira wokhawokha osaona osewera, akuti imeneyo amaikonda ana a sukulu.

Ndinakhuthula m'matumba, munatuluka mabatani anayi, choko ndi pini. Bilimankhwe anapukusa mutu. Kenako lilime lake linatuluka pawindo n'kukhudza tepi yoyezera yomwe inali m'khosi mwanga.

"Iyi ndiye tilandira. Ili ndi mainchi angati?"

"Sikisite."

"Inchi imodzi, mphindi imodzi. Mpando wanu uzidya wokha."

"Koma bwana, mpira ndi mphindi nainte."

"Mukadabwera ndi tepi yaitali," anatero, n'kuitana wina.

Tepi imeneyi, a Chidothi, ndi yomwe ndinakuyezerani suti ya ukwati, ndiye wina asadzanene kuti Sankhulani sanalipirepo pageti. Ndinavomera.

Ndiye ndili m'kati. Udzu wosalala ngati nsalu yosita kumene, anthu mpaka kumwamba. Mpando wanga unandipatsa moni, unaluma nsonga ya tepi, n'kundiuza chakudya chili m'kamwa kuti, "Mukatsinzina ndimasiya kudya. Ambiri amasunga choncho." Matimu analowa, atsikana okhaokha, ndinawayang'ana mmodzimmodzi, Sungeni palibe. Ndinakamupeza pabenchi, wavala chijekete chachikulu, akugwedeza bondo monga amachitira amake akamadikira minibasi.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa ndikudziwa. Munthu wanzeru akadatsinzina mpaka mwana alowe. Koma ine, woti ndalipira koyamba m'moyo wanga, ndikhale chitsinzinire? Ndinati ndingoona pang'ono. Ndiye mpira wake unali wokoma, anthu inu. Atsikana aja ankapatsirana pansi, osati kumangoumenyera m'mwamba ngati aja timawakwerera mitengo aja. Woyimbira anali atasanduka kakowa kalekale, akuyenda monyang'wa pakati pa bwalo, khadi lachikasu lili kunsi kwa phiko. Ndinakuwa, ndinatukwana kakowa, ndinaphunzitsa goloboyi ntchito yake. Mpando uli phee, ukungotafuna.

Nthawi ina mpira unatuluka m'bwalo n'kugwera pamiyendo panga. Unandiyang'ana bwinobwino n'kunena kuti, "Inu si atelala aja munaboola mng'ono wanga ndi lumo?" Zinali zoona. Sungeni ali Sitandade 6 analandira mpira kusukulu, ine ndinaulasa tsiku lomwelo chifukwa sanatsuke mbale. Ndinauponya msanga m'bwalo anthu asanamve.

Pafupi nane panali mayi wina wachizungu, wathupi lake, atanyamula chibakete cha mbuliwuli, atavala jezi yolembedwa dzina langa kumsana. Sankhulani, zilembo zikuluzikulu. Ankalankhula Chichewa cha ku Dedza, m'maloto sufunsa.

"Mayi, dzinalo mwalitenga kuti?"

"Ndinagula. Ndi la mtsikana ali pabenchi uyo. Ine ndimalipira chaka chathunthu chifukwa cha iyeyu. Mumamudziwa?"

"Pang'ono."

"Ndiye mukudziwa kuti amamenya ndi wamanzere."

Sindinkadziwa. Mwana ndinamulera zaka naintini, nsapato zake ndinkazipititsa ndekha kokasoketsa, yakumanzere ndiyo inkatha msanga nthawi zonse, ine n'kumamukalipira kuti amayenda mokhwekhwereza. Mayi uja anapitiriza kundiphunzitsa mwana wanga. Akuti asanamenye kona amapukuta manja pakabudula. Akuti akagoletsa sathamanga ngati anzake, amangoima n'kumayang'ana mwa anthu. "Timadabwa kuti amafuna ndani," anatero, n'kundipatsa mbuliwuli.

Chigawo chachiwiri chikuyamba ndinali ndi mainchi fifitini. Ndinati tsopano nditsinzine ndithu, koma anthu akangokuwa diso linkatseguka lokha, chizolowezi cha mumtengo. Mwadzidzidzi kochi, yemwe tsopano anali njati yovala kapusi, anakodola pabenchi. Sungeni anavula jekete. Kuyang'ana tepi, yatsala inchi imodzi ndi kachitsulo ka kumapeto. Ndinaona mwana wanga akuwerama kumanga chingwe cha jombo, akudumphadumpha pamzere, akulowa m'bwalo. Mpando unameza kachitsulo kaja, unageya, n'kunena mwaulemu kuti, "Zatha, bambo." Kenako unatembenuka wonse ine ndili pomwepo, msana kubwalo.

Ndinachonderera. Ndinati tenga malaya, tenga lumo, makina ali panja apo tenga. Mpando unati wakhuta. Ndinayesa kucheuka, khosi linali litasokedwera kukolala, kusoka kwabwino kobwereza, kosoka ine ndemwe. Ndiye mphindi sate zonse ndinaonera nkhope za anthu a ku Amereka akuonera mwana wanga. Maso awo akathamangira mbali imodzi, ndinkadziwa kuti wathamangira kumeneko. Akagwira kumutu, ndinkadziwa kuti waphonya. Bambo wina wadazi ankatchula dzina lake molakwika, ndinamukonza kawiri, kachitatu ndinangomusiya chifukwa iye ankamuona, ine ayi. Ndinachita nsanje, ndinachita manyazi, ndipo ndinalira pang'ono, a Chidothi, kauzeni anthu ngati mukufuna.

Mwadzidzidzi onse anaimirira pamodzi, pakamwa yasa, mbuliwuli mbwee m'mipando. Mayi uja anandigwedeza mapewa akukuwa kuti wamanzere uja, wamanzere uja. Kenako kunangoti zii. Anthu anayamba kupatuka, ndinamva jombo zikukwera masitepe, kho, kho, kho, mpaka zinadzaima patsogolo panga. Sungeni, thukuta lili kamukamu, udzu pabondo, wamtali kuposa tsiku lomwe tinamuperekeza. Anagwada pamaso pa chikhamu chonsecho monga amachitira popereka madzi kunyumba.

"Ababa, mwafika."

"Ndafika, mwanangu."

"Mwaona?"

Bodza linali kale pakamwa, losavuta. Akadanditsutsa ndani? Mpando unali utagona tulo ndi kukhuta. Koma mwana uja ankandiyang'ana m'maso akudikira, ndipo ndinalephera. Ndinayamba kumuuza kuti sindinaone, kuti sindinaonepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo palibe anandiletsa. Nthawi yomweyo anthu anayamba kuwomba m'manja, kuwomba kwake kukukulirakulira, ine ndikukweza mawu, iye akupendeketsa mutu kuti amve, osamva. Ndiye ndinatsegula maso, kunja kwayera, madzi abwera pampopi ndipo akugwera m'ndowa yachitsulo yomwe amake anaitchera kuseri. Ndinagona chagada kumvetsera ndowayo ikudzaza, yankho lidakali m'kamwa.