Kadontho Kofiira pa Kandege ka a Dermot

Lolemba

Pepa kabuku kanga, ndakuvutitsanso. Ndilibe wina womuuza.

A Dermot, madala amene ndimawasamalira ku Saggart, ali m'chipatala ku Tallaght mpaka Lamulungu. Mwana wawo, a Orla, akuti: "Recession yavuta, chuma cha dziko chagwa, mwina ntchito yako itha mwezi uno." Ndiyenera kuonetsa kuti ndine wofunika.

Ndikupukuta tindege tawo tankhondo tapulasitiki, timene ankalumikiza okha manja asanayambe kunjenjemera. Tambiri tili ndi chizindikiro chozungulira pamapiko: buluu kunja, kenako choyera, chofiira pakati. Kamodzi kokha kalibe chofiira. Anaiwala, akuluwa. Ndikonza ine, akadzabwera adzadabwe.

Lachiwiri

Penti ndi wodula. Tiya, mnzanga wa pa saluni ku Moore Street, akundipatsa kyutekisi wofiira. Akuti: "Iwe, wamanyazi ngati iwe, zikhadabo zofiira? Wapeza ndani?" Ndikungoyang'ana pansi.

M'basi ndikuona bwino botolo. Muli tonyezimira. Palibe kanthu.

Lachitatu

Zida zanga: kyutekisi, kamtengo kotokosera m'mano, batani la bulauzi loyezera kukula kwake. Ndikusamba m'manja kawiri. Ndikupenta osapuma mpweya. Mapiko pamwamba, mapiko pansi, m'mbali zonse. Palibe pamene pataikira!

Kandege kakuwala ngati kakupita ku ukwati. Ndikukazungulira ndekha, kumwetulira.

Lachinayi

Kuchipatala kukawaona. Ndikufunsa mochenjera chifukwa chake ndege zili ndi zozungulirazo. Maso awo akuwala, tiyi akuzizira.

Akuti zinayamba pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi Afalansa, kuti asilikali apansi asawombere ndege zawo zomwe. Angelezi poyamba anapenta mbendera yawo, koma patali inkaoneka ngati mtanda wa Ajeremani. Basi anatengera zozungulirazo.

Kenako akuti: "Wakaona kaja kopanda chofiira? Ndi ka ku Australia, ndimakakonda koposa. Pa nkhondo yachiwiri, chofiira anachichotsa dala. Chinkafanana ndi dzuwa lofiira la ndege za Japan, anzawo omwe n'kumawawombera."

Dala! Mayo ine. Ndikuti, "Zosangalatsa, bambo." Nesi akufunsa ngati ndikufuna kukhala pansi.

Lachisanu

Tiya akundipatsa mankhwala ochotsera kyutekisi. Akuti: "Chatha kale chibwenzicho?"

Thonje, pang'onopang'ono. Chofiira chikuchoka, zikomo Ambuye! Choyera chikuchokanso. Buluu akuchokanso. Phiko lafewa ngati chingamu, ndipo chala changa chadinda pamenepo, mizere yake yonse kuoneka. Ngakhale wapolisi sangavutike.

Loweruka

Ndikuumitsa phiko ndi makina oumitsira tsitsi. Lapindika, likuloza pansi. Powongola, chopukusa chakutsogolo thyo! Chagwera kuseri kwa hita.

Ndege yeniyeni ya asilikali a kuno ikudutsa pamwamba pa nyumba. Yawo ili ndi zonse: chobiriwira, choyera, cha olenji. Ndikutseka katani.

Ndaganiza zokabisa kandege m'kabati. Koma pashelefu patsala mpata, ndipo a Dermot amapatsa moni tindege tonse m'mawa uliwonse. Ndikukabwezera pamalo pake. Yunifomu ndachapa, ndasita, kuti akandichotsa ntchito ndikaibweze yoyera.

Lamulungu

A Dermot abwera ndi a Orla. Ndodo gu, gu, molunjika kushelefu. Ndikufotokoza zonse, mawu akutuluka ngati a udzudzu.

A Dermot akuyang'anitsitsa kandege. Kenako mapewa awo akugwedezeka. Akuseka mpaka kutsokomola! Akuti: "Waona, Orla? Wangokapaka chofiira, kagwetsedwa ndi wa mbali yake yomwe. Ndendende mbiri yake!"

A Orla sakuseka. Koma madala alamula: amene wagwetsa ndege sachoka mpaka atalumikiza ina. M'kabati ali ndi bokosi losatsegula, ndege yaikulu ya injini zinayi, tizidutswa ngati mpunga. Manja akhala anga, pakamwa pawo, ndipo mawa tiyambiranso kwa Afalansa. Kyutekisi alanda.

Chabwino, ndavomera. Ine ndine munthu wosamala kwambiri. Ndiona ngati phiko loyamba lingathe Khirisimasi isanafike.