Ulendo wanga wa ku Thailand, ndili ku Santry

Lolemba

Leave yayamba. Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Citywest, akudziwa kuti ndili m'ndege yopita ku Thailand. Ndili pa sofa, kunyumba ku Santry. Azungu onse kuntchitoko anapitako, ena kawiri. Atandifunsa za holide, pakamwa panangoyankha pokha. Vuto ndi limodzi: a Nok, nesi wa ku Thailand, andipatsira phukusi la amayi awo a ku Chiang Mai. Lili pansi pa bedi.

Lachiwiri

Ndabwereka buku ku laibulale. Zoti ndidzanene kuti ndinaona:
akachisi agolide
njovu
msika wa m'mabwato
mpunga wa mango, wogula pamsewu
Nyengo yabwino akuti ndi November mpaka February. Uno ndi September, mwezi wa mvula. Ine ndinalengeza kuti ndikukawothera dzuwa.

Lachitatu

Meseji ya a Nok: "Mvula ikukuvutani?" Ndasuzumira pawindo, ndayankha kuti kwambiri. Apa sindinaname.

Lachinayi

Ndapita mozemba kumashopu a ku Parnell Street, chipewa mpaka m'maso, kukagula zophikira pad thai, chakudya cha ku Thailand cha manudozi. Osachepera ndidziwe kukoma kwake. Ndathira fish sauce, msuzi wawo wa nsomba, theka la botolo. A Banda a ku Chipata, omwe timakhala nawo, alowa, anunkhiza: "Alongo, mwaphika sokosi?" Ndadya ndekha, mbale ziwiri.

Lachisanu

M'mimba mwatseguka. Ku famase ndakumana maso ndi maso ndi a manijala athu. "Mwabwerako kale?" Ndati madzi osefukira atibweza. Andikumbatira, misozi ili lengelenge. Kenako akuti poti ndilipo, mawa ndibwere ku shifiti.

Loweruka

Kuntchito aliyense akundigwira paphewa ngati namfedwa. Gogo wina wandipatsa korona yopempherera. A Nok ayimbira amayi awo pa foni, akuti ku Chiang Mai kulibe chigumula, ndipo mayiwo anandiphera nkhuku Lachitatu pondiyembekezera. A Nok ndawaitanira kuchipinda chochapira zovala, ndaulula zonse. Sanakalipe. Angofunsa kuti, "Sabata yonse mumatani?" Ndati ndimawerenga.

Lamulungu

Phukusi ndakwera nalo basi kukabweza kwa a Nok, ndipo mawa lipita pa positi. A Nok akuti sauza aliyense, bola ndilembe kalata yopepesa kwa amayi awo ndipo pad thai ndisadzaphikenso. Koma a manijala andiika pa bolodi: Lachiwiri ndikafotokozere okalamba za ulendo wanga, ndibwere ndi zithunzi. A Banda avomera kundijambula pafupi ndi mtengo wa kanjedza wapulasitiki wa pa hotela ya ku eyapoti. Akuti ndivule jekete.