Maso a Kabawi ndi Masikirini Awiri

Inu, tamverani, khalani pansi kaye, basi siibwera msanga. Nkhani ya Kabawi munangoimva theka, ndipo theka munamvalo ndi lija amafalitsa mwini wake.

Dzina loti Kabawi anadzipatsa yekha. Ankati maso ake amaona nyerere ikuyasamula tsidya lina la msewu. Iye ndi mng'ono wake, amene aliyense ankamutcha Phee chifukwa mawu ankatulutsa ngati amawalipirira msonkho, anali ndi kachipinda kosewerera magemu: makompyuta anayi, mipando yosiyana misinkhu, ndi fani ya kudenga imene inkazungulira ikafuna yokha. Kachipindako kanali ka bambo awo, mmene kale ankakonzeramo mawotchi. Popereka makiyi ananena lamulo limodzi lokha: "Tsiku limene mudzamenyane muno, makiyiwa ndidzapatsa mayi wa saluni." Ndipo mayi wa saluni yoyandikana nayo anali atayeza kale khomalo ndi maso, akudziwa ndi pamene adzabowole chitseko.

Mtendere unalipo mpaka masikirini akale anayamba kuchititsa manyazi. Ukamasewera mpikisano wa magalimoto, ukangokhota pakona, chithunzi chinkang'ambika pakati, mtengo wa magetsi mutu uli uku, tsinde lili uko.

Musaope, chimene chimang'amba chithunzi n'chosavuta kumva. Munaonapo amisiri akuponyerana njerwa pomanga nyumba? Kompyuta ndiye woponya, sikirini ndiye wowakha. Sikirini yakale imatambasula manja pa nthawi yakeyake, kaya njerwa yafika kaya sinafike, ndiye pena imagwira theka la iyi ndi theka la inayo. Masikirini atsopano amadikira woponyayo. Vuto ndi loti nzeru yodikirayi ili ndi mipingo iwiri. Wina ndi G-Sync, umene anyamata amangoti "obiriwira" potengera mtundu wa chizindikiro chake, wokhala ndi kachipangizo kakekake m'kati mwa sikirini, mtengo wake wopweteketsa mutu. Winawo ndi FreeSync, "ofiira", wopanda kachipangizoko, wotsikirapo mtengo.

Kabawi anagula yobiriwira, Phee anagula yofiira, iliyonse ndi kompyuta yake yoyenera. Panatsala mipando iwiri yoti ilowe mpingo, ndipo apo ndi pamene utsi unayambira.

"Chotchipa chimaliritsa, iwe," Kabawi ankatero tsiku ndi tsiku. "Yakoyo imadikira, inde, koma imadikira ngati waganyu. Yangayi imadikira mwaulemu."

"Zonse zimadikira, achimwene."

"Maso ako ndi a nkhuku. Ine ndikayang'ana yakoyo ndimaona kung'ambika ndili pakhomo."

"Palibe chikung'ambika."

"Ukunditsutsa? Ine ndinayamba kuona iwe usanabadwe!"

Tsiku lina mkangano unafika poti Kabawi ananyamula mpando, akuti ankangofuna kuusuntha, koma anausunthira m'mwamba. Nthawi yomweyo pakhomo panamveka kakhosomo. Bambo awo anaima pamenepo ndi ndodo yawo, ndipo kumbuyo kwawo kunali mayi wa saluni, chipeso m'manja, akumwetulira ngati munthu amene wamva kuti apongozi asamuka.

"Mpandowo walakwa chiyani?" anafunsa bambo.

"Ndimaona ngati miyendo yake ili bwino, ababa."

"Chabwino. Loweruka tiphimba zizindikiro za masikirini onse awiri. Aliyense asewere, aloze yabwino. Nkhani ithere pomwepo. Ndikangomva phokoso pambuyo pake, muno muzimveka fungo la mafuta a tsitsi."

"Matawulo ophimbira ndibweretsa ine," anatero mayi wa saluni. "Mwaulere."

Kabawi anaseka kwambiri, nadziguguda pachifuwa. Koma atatsala yekha kuseka konse kunatha. Pakuti inu, chinsinsi chinali ichi: maso a Kabawi anali atapuma pantchito kalekale. Nambala ya basi ankaifunsa kwa anthu, n'kumanamizira fumbi. Mkazi wake akamupatsa singano ankati ali ndi changu. Pa kompyuta yake pokha ndi pamene ankawerenga bwino, ndipo ankanyadira kuti makina okwera mtengo amadziwa mwini wake. Sankadziwa kuti Phee, akafika m'mawa kudzasesa, ankakulitsa zilembozo pang'onopang'ono osauza munthu.

Kwa dokotala wa maso Kabawi sakanapita. Kabawi wovala magalasi? Anthu akanati chiyani? Ndiye anazembera kwa mnyamata wina wogulitsa magalasi pa kabokosi m'mbali mwa msewu, kutali ndi kwawo.

"Ndikufunira malume anga," anatero.

"Malume anu maso awo ndi otani, bwana?"

"Ngati angawa."

"Tengani awa, amavala madokotala okhaokha."

Anawavala pobwerera kuti azolowere. Abale inu! Msewu unanyamuka n'kufika m'chiuno. Kabawi anayamba kuyenda akukweza mawondo ngati kakowa m'madzi. Pa sitolo ya zovala anaona mayi wina ataima mwaulemu pakhomo, namupatsa moni mpaka kawiri, ndipo mayiyo atapanda kuyankha anamudzudzula kuti anthu a masiku ano alibe khalidwe. Chinali chidole chovekedwa diresi. Pofika pa saluni anaona masitepe atatu pomwe pali imodzi, anasankha yapakati, ndipo phazi linalowa m'beseni la madzi otsukira tsitsi. Magalasi anagwa, phazi linalo linawamaliza, phwa!

Mayi wa saluni anatuluka. "Achimwene, mukanangonena kuti mukufuna kusambitsa mapazi, timachitanso zimenezo."

"Besenili munaliika pobisika."

"Ndi lachikasu, ndipo lili pa dzuwa."

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Kabawi anaganiza kuti ngati maso akana, zala zilipo. Loweruka analawirira, natafuna chingamu mpaka nsagwada kuwawa, n'kuchimata kunsi kwa sikirini yake yobiriwira, pamalo poti chala chokha chingafikepo. Kenako anatuluka akuimba mluzu, kuti oweruza akonze bwalo.

Pobwerera anapeza kachipinda kadzaza. Makasitomala onse analipo, dalaivala wa lole amene ankasewera akakhala pa tchuthi, ana asukulu, ngakhale makasitomala a saluni awiri, mitu ili ndi zopiringizira tsitsi. Masikirini anali pa tebulo limodzi, m'mbali mwake mokulungidwa matawulo, makompyuta atabisidwa pansi kuseri kwa nsalu. Bambo anakhala pampando pakati, ndodo pamiyendo.

"Wamkulu ayambe," anatero.

Kabawi anakhala pa ya kumanja, nasewera pang'ono. Anaona mitundu ikuthamanga, basi. Anayerekeza kukonza thawulo, chala chinafufuza kunsi. Panalibe kanthu. Anasamukira ya kumanzere, chala chinapita, ndipo chinamatika. Mtima unakhala pansi, pakamwa panatseguka.

"Eee! Iyi ndiye sikirini! Taonani mmene galimoto ikutsetserekera, ngati batala pa mpeni wotentha! Kona iyi ndakhota, mtengo uli chilili. Izi ndiye timati ndalama yagwira ntchito."

"Nanga inayo?" anafunsa dalaivala.

"Iyo? Musandiyambe. Iyo ikunjenjemera ngati mbuzi yonyowa. Ndangoyang'ana kamodzi maso ayamba kuyabwa. Amene anagula imeneyo ankafunika kuperekezedwa ndi munthu wamkulu. Ngakhale kundipatsa ulere, ndikhoza kuikapo maluwa."

Anthu anaseka. Mayi wa saluni anaseka kuposa onse, mpaka kugwira khoma lija ankalifuna.

Inafika nthawi ya Phee. Anakhala pa ya kumanzere, nayang'ana pakona yam'mwamba kamphindi, kenako anayang'ana mkulu wake amene anaima manja m'chiuno, chifuwa patsogolo. Anayang'ananso bambo awo, ndi makiyi ena a kachipindako amene ankalendewera pa lamba wawo. Anasamukira ya kumanja, nasewera nthawi yaitali ndithu.

"Ine ndasankha iyi," anatero.

"Chifukwa?" anafunsa bambo.

Apa anthu anadabwa, pakuti Phee analankhula mawu ochuluka kuposa amene analankhula chaka chonse. "Iyi ndi yangadi, ndikuidziwa ngati chikhatho changa. Onani kusalala kwake. Ya achimwene ija singafike apa ngakhale itabadwanso. Inayo ndi yodula chabe, chikomekome cha mkuyu."

"Wamva?" anakuwa Kabawi. "Aliyense wadziwa yake! Vundukulani!"

Mayi wa saluni anakoka thawulo la kumanzere. Chizindikiro chofiira, psuu! Chimenecho ngakhale Kabawi anachiona. Anakoka la kumanja. Chobiriwira.

Kabawi anayandikira kuti aonetsetse. Mbuzi yonyowa ija inali yake. Woyenera kuperekezedwa ndi munthu wamkulu anali iye. Anayang'ana chala chake, kenako mayi wa saluni.

"Kodi mukufuna chingamu chanu?" anafunsa mayiyo mokoma. "Chinandimata ponyamula, zikhadabo zanga zatsopanozi. Ndinachipukutira pa inayo."

Phokoso la kuseka linali pafupi kugwetsa denga, ndipo lonse likanagwera Kabawi yekha. Dzanja lake linali litayamba kale kufufuza mpando. Koma dalaivala analoza Phee, misozi ili m'maso.

"Nanga uyu! 'Ndikuidziwa ngati chikhatho changa!' Chikhatho cha ndani, mphwanga? Watukwana sikirini yako yomwe pamaso pa bambo ako!"

Phee anagwira kumutu, nagwada pamaso pa sikirini yofiira. "Undikhululukire, mayi wanga, sindinakuzindikire."

Zimenezo zinamuthyola Kabawi. Kuseka kunamutuluka m'mphuno kaye, kenako pakamwa, mpaka anakhala pansi pa mpando uja ankaufufuza. "Chitsiru iwe," anatero akupukuta misozi. "Ine ndiye bola ndinanamizidwa ndi chingamu. Iwe unanamizidwa ndi chiyani?"

"Magazi ndi amodzi, achimwene."

Bambo anagogoda pansi ndi ndodo. "Ndakonza mawotchi moyo wanga wonse. Eni ake ankakangana kuti yabwino ndi iti, onse n'kumachedwabe ku ntchito. Wamkulu wayamikira ya mng'ono, mng'ono wayamikira ya wamkulu. Mipando yatsala iwiri. Gulani imodzi imodzi, mundisiye ndikapume."

Mayi wa saluni anapinda matawulo ake mwakachetechete. Pakhomo anatembenuka, nayang'ana khoma lija komaliza, kenako anauza Phee chapansipansi kuti, "Iwe mwana, ndakuona." Koma sanauze munthu.

Patapita masiku, Phee anadandaula kuti maso akumuwawa, napempha mkulu wake kuti amuperekeze kwa dokotala, poti iye amachita manyazi kulankhula ndi anthu. Kabawi anavomera, akudandaula njira yonse kuti ana a masiku ano ndi ofooka. Kumeneko dokotala anamuyeza Phee, napeza kuti maso ake akhoza kuwerenga nyuzipepala ili m'thumba la munthu wina. "Poti mwabwera kale, bambo, takhalani apa nanunso," anatero. Kabawi anakhala, nafunsidwa kuti awerenge zilembo za pakhoma.

"Khoma lake liti?" anafunsa.

Magalasi enieni atafika, Kabawi analowa nawo m'kachipinda kuja m'mawa, makasitomala asanabwere. Choyamba anaona kuti fani ili ndi fumbi lochititsa mantha. Anayatsa kompyuta yake, nabwerera m'mbuyo: zilembo zinali zazikulu ngati za pa chikwangwani cha sitolo. Anaima kaye. Kenako anapita pa sikirini yofiira, ndipo pakona yam'mwamba anaona kadontho kowala, kakang'ono ngati kambewu ka mchere, kamene sikasuntha chithunzi chikamasuntha. Anakumbukira kuti Phee anakadandaulapo tsiku lomwe anaigula. Anakumbukiranso pamene maso a Phee anayang'ana poyamba Loweruka lija. Munthu wa maso otere sakanasokoneza sikirini yake ngakhale ataikulunga m'bulangete.

Kumbuyo kwake Phee ankasesa ngati palibe chikuchitika. Mawu ena ndi olemera, inu, satuluka pakhosi pa munthu woyamba kubadwa. Kabawi anangopita n'kumulanda tsache.

"Bweretsa kuno. Umasiya fumbi m'makona."

Atatha kusesa, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya kachipindako, anakhala pansi kuti aweruze mlandu ndi maso atsopano. Anasewera pa yobiriwira, nakhota kona. Mtengo wa magetsi unaima chilili. Anasewera pa yofiira, nakhota kona yomweyo. Mtengo unaima chilili. Anabwerera, anapitanso, anayandikira, anatalikira, anatseka diso limodzi.

"Nanga bwanji, achimwene?" anafunsa Phee. "Yabwino ndi iti?"

Kabawi anavula magalasi aja pang'onopang'ono, nawatembenuza uku ndi uku, nawayang'ana mokayikira ngati ndalama yachinyengo.

"Dokotala ujanso," anatero, "ndi wa ofiira."