Nyimbo ya pa Ukwati wa Mwana wa a Desai

Mpaka lero ndikamva hamonika, kalimba koliza ndi pakamwa kaja, ndimafuna pobisala. Ndikuuzeni chifukwa chake, mwina mtima ungapepuke.

Nthawi imeneyo ndinali pasukulu ku Washington, ndikugona pasofa kwa mnzanga Tembo wa ku Lusaka, ku Alexandria. Akazi ake anali pafupi kufika, chisanu nachonso chili pakhomo, ine ndilibe kolowera. Ndiye ndinamva kuti ku Springfield kuli mmwenye wina, a Desai, amene kale anali ndi sitolo ku Limbe, ndipo ali ndi chipinda chapansi chochititsa lendi. Ochifuna tinalipo ambiri.

Nditafika, a Desai anandifunsa mafunso ngati apolisi. Thukuta lili kamukamu, ndinaona hamonika pashelefu, pakamwa panga n'kuyamba pokha.

“Aka ndimaliza bwino,” ndinatero. (Ndinali nditakagwirapo kamodzi, ndili Sitandade 4.)

“Zoona?” Nkhope yawo inawala. “Kanali ka malemu bambo anga. Mwana wanga akukwatiwa masabata atatu akubwerawa. Mudzatilizire nyimbo imodzi ya m'filimu zakwathu, za chipinda tidzakambe pambuyo pake.”

Ndinabwerera ndi kalimbako m'thumba.

Ndinabwereka tepi ya filimu kusitolo ya amwenye n'kuyamba kuithamangitsa, kufuna nyimbo yosavuta. Ndinapeza ina yoyenda pang'onopang'ono: mnyamata ali pasiteshoni ya sitima, akuliza hamonika, maluwa ali m'manja. Ndinati basi, chikondi ndi chimenechi. Paja ku Limbe tinkaonera mafilimu amenewa osamva liwu ndi limodzi lomwe, nkhani n'kumadzipekera tokha. Za kuonera filimu yonse sindinaziganizeko n'komwe.

Ndinkaphunzirira m'bafa. Milomo inatupa, ndevu zinkakodwa m'kalimbamo mpaka misozi, ndipo a nyumba yoyandikana ankamenya khoma. Tsiku lina Tembo anagogoda, n'kukalipa m'Chinyanja chake cha ku Lusaka poopa kuti atithamangitsa m'nyumbamo.

“Iwe mwana, ni chani ichi? Uzatipishisa pa apatimenti tonse babili!”

Chakudya sichinkalowa. Ndikatseka maso ndinkadziona ndili pabenchi ya pokwerera basi ndi sutikesi yanga.

Tsiku lija linakwana. Nyumba inadzaza, mkwatibwi ali waliwali ndi zagolide. Ndinaimirira, ndinatsinzina n'kuyamba. Mwa chisomo, nyimbo inatuluka yonse. Potsegula maso ndinaona amayi awiri akupukuta misozi. Ndinati eya, ndawagwira mtima! Kwathu nyimbo ikakoma timabwereza, ndiye ndinabwereza. Mkwatibwi anayamba kusisima. Ine ndi mutu wangawu ndinalowa kachitatu, tsopano ndikugwedeza ndi mapewa omwe.

Kenaka wina anandikoka jekete. Anali mayi awo a Desai, nkhalamba yaifupi, yakuthwa maso.

“Iwe,” anatero m'Chichewa cha kusitolo, “wafa ndani pano?”

“Palibe, amayi.”

“Nanga filimu unaona mpaka kumapeto?”

Anandifotokozera pamaso pa anthu onse kuti mnyamata wa m'filimu uja ankaliza nyimboyo podikira sitima yobweretsa maliro a mkwatibwi wake, amene anafera m'njira popita kwa apongozi. Mwana wa a Desai naye ankanyamuka mawa lake kupita kwa apongozi. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Ndinaika hamonika patebulo mwaulemu n'kuyamba kufunafuna nsapato zanga pakhomo pomwe tinavulira. A Desai sanandiyang'ane. Za chipinda ndinadziwa kuti zapita ndi mphepo.

Ndikumanga zingwe, nkhalamba ija inatulukira.

“Zaka zisanu sindinakalipire munthu m'Chichewa,” inatero. “Lero mtima wanga wayera. Chipinda tenga. Koma Lamulungu lililonse uzikwera kuno, tizionera filimu, ine ndizikuuza amene wafa.”

Ndinakhala m'nyumbamo zaka zitatu. Filimu iliyonse inali ya maola atatu, ndipo ndikangowodzera ankandigwedeza ndi ndodo. Hamonika ija anaitsekera m'kabati, kiyi n'kumanga kunsonga ya nsalu yawo.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. Inenso ndinkaganiza choncho, mpaka tsiku lomwe ndinakaonekera koyamba kwa apongozi anga ku Manassas, n'kuona gitala itapachikidwa pakhoma. Mkazi wanga, amene nkhaniyi ankaidziwa, anandiponda phazi pakamwa panga patatseguka kale.