Juzi ya Nagama

Anzanga, tasiyani kaye bawoyo mumve zimene ndinalota usiku wathawu. Mukudziwa kuti lero kwathu kunali kugawa zovala za malemu mkazi wanga Nagama. Chimene simukudziwa n'chakuti juzi yake yobiriwira ija, ya chigamba chofiira pachigongono, ndinaibisa m'thumba la mpunga. Mlamu wanga Edesi waifunafuna sabata yonse, ine n'kumangoti sindinaione.

Ndiye ndinalota kuli m'mawa wa mu Juni, nkhungu ili tolo, ine ndili pakati pa dambo, juzi ili paphewa. Mumtima ndimadziwa chinthu chimodzi, kuti Nagama ali kutsidya ndipo akumva chisanu. Paja munthu uja ankawotha moto ngakhale mu Okutobala, ndiye ife tinamuika ndi nsalu imodzi yokha.

Matope amazizira mpaka m'mano. Mabango amandipatukira okha, ena n'kumandipepesa maliro, ena n'kumanong'onezana kuti mkuluyu wawonda. Mwadzidzidzi juzi ija inatsokomola.

"Bambo a Tereza, yendani kumanzere. Uko kuli misundu."

"Iwe juzi, njira waidziwira kuti?"

"Zaka makumi anayi ndikupita kumunda wa mpunga. Inu munali kubawo."

Mawuwo anali oona. Ndinakhotera kumanzere.

Ndiye tinafika pa tchalitchi chakale cha amishoni chija, chopanda denga, chimene tinamangitsiramo ukwati. Koma chinali chikuyandama ngati bwato, njerwa zake zikupuma pang'onopang'ono. Belu linakhala pakhomo litafunda chiguduli.

"Bwanji simukulira, a Belu?" ndinafunsa.

"Chimfine, achimwene. Ndikalira muno mu Juni ndimangoitana achule." Linayang'ana juzi ija. "Mkazi wanu wadutsa pano. Wati musachedwe, komanso mbuzi simunazitsekulire."

Ndiye ndinapitirira, mwadzidzidzi ndaima pansi pa mlambe wamphako, umene makolo ankabisalamo nthawi ya nkhondo zogwira akapolo. M'mphakomo munali ofesi: tebulo, mpando, ndi bwana wa taye amene anati ndi woyang'anira zinthu zamakedzana.

"Mwanyamulacho n'chiyani, madala?"

"Juzi ya mkazi wanga, bwana."

"Mwini wake alipo?"

"Anatisiya mwezi watha."

"Basi, imeneyo ndi mbiri yakale. Chilichonse chosiyidwa ndi mwini wake timachiika m'galasi, ana a sukulu azidzaona."

Akulankhula choncho khosi lawo limatalika, taye n'kumatsetsereka, miyendo kuwonda ngati bango, mpaka anasanduka kakowa, ataima ndi mwendo umodzi pampando. Kalaliki wawo naye anafufuma n'kukhala mvuu, koma chidindo sanachisiye, anachiluma m'kamwa.

"Nanga inuyo mwini wanu ndani?" anafunsa a Kakowa.

"Anali yemweyo."

"Ndiye nanunso ndinu chinthu chamakedzana. Imani apo, musagwedezeke."

A Mvuu anandidinda pamphumi, n'kundikoleka chikwangwani m'khosi. Ine kuwerenga sinditha bwino, koma juzi inandiwerengera: NKHALAMBA YOSIYIDWA, OSAGWIRA. Ndiye kunabwera alendo a zipewa zazikulu, amene kwenikweni anali abakha, akundizungulira n'kumafunsa ngati ndimadya. Ndipo ndikuuzeni zoona anzanga, kuima pamenepo kunandikomera. Palibe amene amandiuza kuti limbani mtima.

Koma juzi inandikoka khutu. "Mukaima pano mpaka liti? Munthu akudikira."

Ndinavula chikwangwani n'kuveka a Mvuu, iwo n'kuima njo, abakha onse kuthamangira kwa iwo. Ine ndinalowa m'nkhungu.

Ndiye ndinapeza njanji yakale ya sitima, yadzimbiri, itayalidwa pamwamba pa madzi. Ndinayenda pamenepo osaterereka, nsomba zikudutsa pansi panga zitanyamula akatundu pamutu. Mwadzidzidzi nkhungu inatseguka ngati chitseko, dzuwa lili phwee, ndipo Nagama uyo, ali m'munda wa mpunga wopanda malire, akumweta ndi kampeni kake kaja, thukuta lili kamukamu.

Sanadabwe. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwayenda dambo lonseli ndi malaya okha, juzi ili paphewa? Nzeru zija simunazipezebe?"

"Ndakubweretserani inu. Kukuzizira."

"Kuno? Mukundiona ngati womva chisanu? Amene akunjenjemera ndani apa?"

Ndinadziyang'ana. Mawondo anga amawombana.

"Kunyumba akufuna aigawe," ndinatero. "A Edesi akuti zovala za malemu zonse zituluke. Ine sindikufuna."

Anaseka, kuseka kwake kuja kobisa mano ndi dzanja. "Bambo a Tereza, mwaiwala? Juzi imeneyi munabwera nayo ndinu kuchokera ku migodi. Ndinakubwerekani tsiku limene Tereza anabadwa, kuchipatala kukuzizira."

"Zaka makumi anayi, kubwereka?"

"Munaitanitsa liti? Lero ndabweza. Kwezani manja."

Anandiveka ngati mwana, mutu kukanirira pakhosi pa juziyo. M'katimo munali mdima wofunda, fungo la utsi ndi la mafuta ake odzola. Ndimamva zala zake zikukokera juzi pansi, ndimafuna ndinene kuti dikirani, ndisatuluke msanga. Mutu utatulukira, ndinamva kwee, kwee, kwee.

Unali mjigo wa kuseri kwa nyumba, azimayi atayamba kutunga madzi.

Ndinadzuka, ndinamasula thumba la mpunga, ndinakutumula juzi ija n'kuivala. Kenako ndinakatsekulira mbuzi. Pobwerera ndinapeza a Edesi pakhonde, atayala kale mphasa, zitenje za mchemwali wawo zili mulu.

Maso awo anagwera pa juzi ija.

"Alamu, imeneyo si ija ndakhala ndikufunayi?"

"Ndi yomweyo. Koma ndi yanga. Anangobwereka."

Ndinadikira mkangano. Iwo anayang'ana chigamba chofiira chija, chimene anasoka okha chaka cha njala, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndikudziwa, ndinalipo tsiku limenelo," anatero. "Koma tabwerani kuno. Mwavala chakumbuyo."