Mmene Ndinamalizitsira Chithunzi cha a Lin

Nkhani iyi ana anga amaifotokoza mokhotetsa pa ukwati ndi pa maliro pomwe, ndiye bola manyazi akewo ndiwanene ndekha.

M'nyumba yanga ya kuseri, kuno kufupi ndi Chongoni, munalowa bambo wina wa ku China, a Lin, pa lendi. Anati ntchito yawo ndi kujambula. Chichewa ankadziwa chogulira tomato basi.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma munthu amene zinthu sizikumuyendera ndimamudziwa asanakhale n'komwe pansi. A Lin ankamwa tiyi wopanda shuga, wopanda mkaka. Penti analibe. Ankatenga kanthu kakuda ngati khala n'kumakapera pa kamwala ndi timadzi, penti yawo n'kukhala yomweyo. M'mawa ankalankhula pa foni ndi ana a kwawo, akuwaonetsa bulashi. Ndinati bambowa afika popempha ndi kwa ana omwe.

Chinandimaliza ndi chithunzi cha phiri. Anakhala nacho nthawi yaitali, koma nditasuzumira ndinangoona nsonga ya phiri pamwamba, timitengo pansi, pakati ponse pepala loyera. Pakona anadindapo kachidindo kofiira. Nditawafunsa ngati penti yawathera, anaseka n'kunena kuti chithunzicho chamalizika. Sindinadabwe. Mwamuna savomera kuti wasowa.

Koma ndinaona kuti chinthu chotere palibe angachigule, ndipo akapanda kugulitsa adzalongedza, nyumba yanga n'kubwerera kwa makoswe.

Tsiku lina a Lin atapita ku boma, ndinaitanitsa Yohane, mwana wa mng'ono wanga, amene amalemba zikwangwani za magolosale pa M1. Nditamuuza kuti adzaze poyera paja, anayamba kukana, akuti ndi zinthu za eni ake. Ndinamukumbutsa kuti mbuzi imene inadyedwa pa chinkhoswe chake inachokera m'khola la ndani. Anatsegula zitini zake za penti.

Ndinakhala pampando n'kumalamula. Kumwamba buluu. Pansi chimanga chobiriwira, cha fetereza wokwanira. Malo atatsalabe, ndinati aikepo tchalitchi cha malata. Yohane mtima utakhala pansi anawonjezera minibasi yaulere. Pepalalo linali lopyapyala ndiye linakwinyika, koma tinalitsindira ndi njerwa m'makona.

A Lin atabwera ndinawalandira pakhomo ndi nkhope ya munthu amene sakufuna kuthokozedwa kwambiri. Anaima patsogolo pa chithunzicho. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Mayi," anatero, "nkhungu yanga ili kuti?"

Ndinafunsa kuti nkhungu iti.

Analoza tchalitchi, chimanga ndi minibasi.

Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono, zina ndi pakamwa, zina foni ikumasulira. Malo oyera aja anali nkhungu ya m'mawa imene imaphimba phiri lathu nyengo yozizira. Kachidindo kofiira ndiye kusaina kwawo, ndipo akadinda sipafikanso bulashi. Zithunzi amazionetsa pa foni kwa mwini sitolo wina wa kwawo, makasitomala amasankha konko. Ana aja sapemphedwa kanthu, akuphunzira kagwiridwe ka bulashi ndipo makolo awo amalipira. Chithunzi ichi dokotala wina anali atagula kale. Ku boma kuja anapita kukafunsa za katumizidwe.

Ndinatembenuka kuti ndione Yohane. Ndinangopeza zitini.

"Dokotalayo analipira ndi poyera pomwe?" ndinafunsa.

"Poyerapo ndiye podula."

Usiku sindinadye. Ndinkadikira kumva masutikesi akukokedwa.

Sanasamuke. Anamupepesa dokotala uja pa foni, akuwerama ngati akumuona, n'kuyamba kupera pa kamwala kawo kuti ajambule china. Chokwinyikacho anandipatsa ndi manja awiri. Mawa lake anagula loko wamkulu, n'kundipempha mwaulemu kuti tsiku lina ndikadzafuna kuwathandizanso, ndidzawachenjeze.

Masiku ano ndikaona malo opanda kanthu, ndimayamba ndafunsa ngati pali amene anagula kale.